Kodi Webusaiti ya Okonda Mpira, Nsomba Kapena Ndege Ingakhale Umboni pa Wikipedia?

Aliyense amene wayesapo kulemba nkhani ya ku Malawi kapena ku Zambia pa Wikipedia amafika pena pomwe mabuku amamuthera. Mukufuna kudziwa chaka chimene timu inayake inatenga ligi, chaka chimene sitima ya Ilala inayamba kuyenda, kapena dzina la sayansi la mbuna ya ku Nkhata Bay, ndipo mukafufuza pa intaneti, chimene chikubwera pamwamba ndi webusaiti ya munthu amene anachikonda chinthucho mpaka kuthera zaka zambiri akusonkhanitsa chilichonse chokhudza icho. Mawebusaiti oterewa alipo ochuluka: a masapota a mpira, a oweta nsomba m'matanki agalasi, a okonda ndege, sitima ndi njanji, ndiponso a osonkhanitsa masitampu ndi zimbale zakale. Ena mwa iwo ndi olondola kuposa nyuzipepa zikuluzikulu, pomwe ena ndi odzaza ndi nkhani zam'maluwa zimene zinangokopedwa kwina popanda wozifunsa, ndipo chovuta n'chakuti pa foni mitundu iwiriyi imaoneka chimodzimodzi.

Wikipedia, imene Jimmy Wales ndi Larry Sanger anaiyambitsa mu January 2001, ili ndi lamulo limene wolemba watsopano amavutika kulilandira, loti mfundo kukhala yoona sikokwanira kuti ilowe m'nkhani, chifukwa iyeneranso kukhala yoti wowerenga wina aliyense angathe kukaitsimikizira m'gwero lodalirika limene linafalitsidwa kale. Wikipedia ya chinenero chilichonse imadziikira malamulo ake, koma popeza ya Chichewa ikadali yaing'ono, n'kwanzeru kutsamira pa zimene olemba a Wikipedia ya Chingerezi akhala akukambirana kwa zaka zoposa 20. Malamulo awo sanena kuti webusaiti ya okonda chinthu ndi yoletsedwa. Amanena kuti chilichonse chimene munthu wadzisindikizira yekha, popanda mkonzi womuyang'anira, chiyenera kuyamba chakayikiridwa, popeza aliyense angathe kutsegula webusaiti n'kudzitcha katswiri. Funso limene ndikufuna kuti muzilisunga m'mutu pa ntchito yonseyi ndi ili: mfundo iyi ikapezeka yabodza, ndani angayankhe mlandu, ndipo iyeyo anaitenga kuti?

Yambani ndi chiganizo chimene mukufuna kutsimikizira

Musanaweruze webusaitiyo, lembani pambali chiganizo chenicheni chimene mukufuna kuika m'nkhani, chifukwa palibe gwero limene limadalirika pa chilichonse. Webusaiti imodzimodziyo ingakwanire kutsimikizira kuti ndege ya mtundu wakutiwakuti ili ndi mainjini awiri, koma n'kulephera kutalitali kutsimikizira chimene chinaigwetsa. Kunena kuti sitima ya Vipya inamira m'nyanja ya Malawi mu July 1946 ndi mfundo imene mabuku amagwirizana, koma kutchula amene anachititsa ngoziyo ndi mlandu wolemera umene umafuna lipoti la kafukufuku wa boma kapena buku la wolemba mbiri wodziwika. Mfundo ikamalemera, umboni wake uyeneranso kulemera.

Pali mitundu iwiri ya nkhani pomwe simufunika kuyesa chilichonse, chifukwa yankho lake ndi lodziwikiratu. Mtundu woyamba ndi wa anthu amoyo. Mu May 2005 munthu wina analemba pa Wikipedia bodza loti mtolankhani wa ku America, John Seigenthaler, ankaganiziridwa kuti anakhudzidwa ndi kuphedwa kwa John F. Kennedy ndi Robert Kennedy, ndipo bodzalo linakhala pamenepo miyezi pafupifupi inayi lisanachotsedwe, kenako Seigenthaler analidzudzula poyera m'nyuzipepa ya USA Today mu November chaka chomwecho. Pambuyo pa nkhani imeneyi panakhazikitsidwa lamulo lokhwima la nkhani za anthu amoyo, ndipo limodzi mwa mawu ake ndi lakuti chimene munthu wadzisindikizira yekha sichingakhale umboni wokhudza munthu wina wamoyo, ngakhale wolembayo atakhala katswiri weniweni. Choncho tsiku lobadwa la wosewera mpira, banja la woimba, matenda a mtsogoleri wa mpingo kapena mlandu wa wandale sizingatengedwe pa webusaiti ya masapota, ndipo mukazipeza zitalembedwa kale m'nkhani ndi umboni woterowo muli ndi ufulu wozichotsa nthawi yomweyo. Mtundu wachiwiri ndi wa zaumoyo. Webusaiti ya anthu okonda mankhwala azitsamba ingafotokoze bwino mmene chamwamba chimalimidwira, koma mawu oti chimachiza matenda akutiakuti amafuna zolemba za madokotala zounika kafukufuku wambiri pamodzi, kapena chikalata cha bungwe la zaumoyo monga WHO.

Ndani amalemba, ndipo ndani angasinthe zolembedwazo

Ngati chiganizo chanu sichikhudza munthu wamoyo kapena chithandizo cha matenda, pitani pa tsamba limene webusaitiyo ikudzifotokoza, lomwe kawirikawiri limatchedwa About, ndipo muwerengenso mawu ang'onoang'ono a m'munsi mwa tsamba lomwe muli. Mukufufuza zinthu zitatu: dzina lenileni la wolemba, dzina la amene amaunika zolembedwa zisanatuluke, ndiponso ngati mlendo aliyense angathe kulembetsa n'kusintha zimene zili pamenepo. Mukaona batani lopempha owerenga kuti awonjezere kapena kukonza, dziwani kuti muli pa malo pomwe wolemba ndi khamu la anthu osadziwika, ndipo Wikipedia siilandira malo otero ngati umboni.

Kukula kapena kutchuka kwa webusaiti sikusintha kanthu pa mfundo imeneyi. IMDb, imene Col Needham anaiyamba mu 1990 ngati mndandanda wa okonda mafilimu ndipo kampani ya Amazon inaigula mu 1998, imaonedwabe pa Wikipedia ya Chingerezi ngati yosadalirika pa zambiri, chifukwa zochuluka za mmenemo zimatumizidwa ndi ogwiritsa ntchito. N'chimodzimodzi Discogs pa za zimbale, Transfermarkt pa za osewera mpira, ndi Find a Grave pa za omwalira. Ngakhale Fandom, webusaiti yomwe okonda zinthu zosiyanasiyana amalembapo okha, imene Jimmy Wales yemweyo anathandiza kuiyambitsa mu 2004 ikutchedwa Wikicities, siiloledwa, ndipo Wikipedia nayonso siiloledwa kukhala umboni wa nkhani zake zomwe. Koma onani Cricinfo, imene inayambanso mu 1993 ngati ntchito ya anthu odzipereka okonda kriketi. Inakula n'kulemba ntchito atolankhani ndi akonzi, kampani ya ESPN inaigula mu 2007, ndipo lero imalandiridwa popanda mkangano. IMDb ndi Cricinfo zinabadwa mofanana, ndipo chimene chinazisiyanitsa ndi kupezeka kwa munthu wodziwika amene ntchito yake ndi kuunika mfundo iliyonse ndi kuyankha ikalakwika.

Chenjerani ndi mawebusaiti amene ali ndi zipinda ziwiri pansi pa denga limodzi. Aviation Safety Network, imene Harro Ranter wa ku Netherlands anaiyambitsa mu 1996, ili ndi gawo lalikulu la ngozi za ndege limene limayang'aniridwa ndi akonzi ake, komanso gawo lina lotchedwa WikiBase limene owerenga amalembamo okha. Dzina la webusaiti ndi limodzi, maonekedwe ndi ofanana, koma kulemera kwa umboni n'kosiyana, motero muyenera kudziwa chipinda chimene mwalowa musanakopere linki.

Pamene mwini webusaiti ali katswiri: chitsanzo cha nsomba za m'nyanja ya Malawi

Lamulo lili ndi khomo limodzi lotsegula, ndipo m'pofunika kulimvetsa bwino chifukwa ambiri amalikulitsa kuposa mmene liliri. Chimene munthu wadzisindikizira yekha chingalandiridwe ngati wolembayo ndi katswiri wodziwika pa nkhani imeneyo, amene ntchito zake pa nkhani yomweyo zinasindikizidwa kale ndi ofalitsa odalirika omwe iye sawalamulira. Mawu onsewa ali ndi ntchito. Ukatswiri suyesedwa ndi zaka zimene munthu wakhala akukonda chinthucho, kapena ndi kuchuluka kwa omutsatira pa Facebook, koma ndi umboni woti akatswiri anzake anaunikapo ntchito yake n'kuivomereza.

Nsomba za m'nyanja yathu zikuonetsa bwino zimenezi, chifukwa mbuna ndi utaka zimawetedwa m'nyumba za anthu ku Germany, ku America ndi ku Japan, ndipo mawebusaiti onena za izo ndi osawerengeka. Tengani webusaiti ya malawicichlids.com, imene mwini wake ndi Michael K. Oliver. Mukalemba dzina lake mu Google Scholar, chofufuzira zolemba za akatswiri, mupeza kuti ndi wasayansi ya nsomba amene, pamodzi ndi Paul Loiselle, anafotokoza ndi kutcha dzina mtundu wa mbuna wotchedwa Iodotropheus sprengerae mu 1972, ndipo dzina lake lalembedwa pambali pa dzina la nsombayo m'kaundula wa mayina a nsomba. Munthu wotereyu akalemba pa webusaiti yake za mayina ndi magulu a nsomba za m'nyanja ya Malawi, mungathe kumugwira mawu, ngakhale kuti tsambalo palibe mkonzi amene analiunika. Tenganinso Ad Konings wa ku Netherlands, amene mabuku ake ambiri amatuluka ku Cichlid Press, kampani yake yomwe. Mongoyang'ana pamwamba, ameneyu ndi wodzisindikizira yekha, koma walembanso m'magazini a sayansi pamodzi ndi Jay Stauffer wa ku Pennsylvania State University pofotokoza mitundu yatsopano ya nsomba, ndipo zimenezi n'zimene zimapatsa mabuku akewo kulemera.

Tsopano yerekezerani anthu awiriwa ndi woweta nsomba amene wakhala ndi matanki 10 kwa zaka 30 ndipo ali ndi zithunzi zokongola kwambiri. Ndikumulemekeza munthu wotereyu, ndipo pa kadyetsedwe ka nsomba za m'tanki angandiphunzitse zambiri, koma zimene waona ndi za nsomba zoweta, zomwe zimadya chakudya cha m'sitolo, zimatha kukula mosiyana ndi za m'nyanja, ndipo nthawi zina zimakhala zosakanikirana mitundu mwini wake osadziwa. Akalemba kutalika kwa nsomba kapena mmene imaswanirana, nambala yakeyo singalowe m'nkhani ngati kuti ikunena za nsomba za ku Chembe kapena ku Likoma. Mayina amene amagwiritsa ntchito nawonso kawirikawiri ndi a amalonda, omwe amatchula nsomba potengera mtundu wa khungu kapena malo amene inagwidwa.

Ngakhale pakati pa akatswiri enieni pamakhala mikangano, ndipo apa m'pamene wolemba wa Wikipedia ayenera kudzigwira. Gulu lina la mbuna lili ndi mayina awiri opikisana, Maylandia la mu 1984 ndi Metriaclima la mu 1997. Konings ndi Stauffer amagwiritsa ntchito lachiwirili, pomwe FishBase, kaundula wamkulu wa mitundu ya nsomba wa pa intaneti, imagwiritsa ntchito loyambalo. Mukadalira webusaiti ya katswiri mmodzi yekha, mulemba mbali imodzi ya mkangano ngati kuti ndi nkhani yotha, osadziwa n'komwe kuti mwalowa m'mkangano. Njira yabwino ndi kuona zimene FishBase, Catalog of Fishes ya ku California Academy of Sciences ndi mndandanda wa bungwe loteteza zachilengedwe la IUCN zikunena, kenako n'kutchula mayina onse awiri ndi amene amawagwiritsa ntchito. Kumbukiraninso kuti ukatswiri uli ndi malire ake. Wasayansi ya nsomba akalemba pa webusaiti yake za mbiri ya Atonga a ku Nkhata Bay kapena za mkangano wa malire a nyanja, walowa m'munda umene si wake, ndipo pamenepo ndi wofanana ndi wokonda nkhani wina aliyense.

Iyeyo anazitenga kuti

Eni mawebusaiti ambiri si mapulofesa, ndipo kwa iwowa chiyeso chachikulu ndi chakuti kodi amanena kumene anatenga zimene alemba. Webusaiti yabwino ya okonda chinthu imatchula nyuzipepa, tsiku ndi tsamba, imasiyanitsa zotsimikizika ndi zongoganizira, ndipo pomwe mwini wake sakudziwa amasiya mpata kapena chizindikiro cha funso. Ine ndimakhulupirira kwambiri tebulo la ligi lomwe lili ndi mipata yosadzazidwa kuposa lomwe ladzaza bwinobwino kuyambira 1960 popanda kutchula gwero lililonse, chifukwa amene amadziwa mmene zolemba za mpira wathu wakale zinasungidwira amadziwanso kuti kudzaza koteroko n'kokayikitsa.

RSSSF, bungwe la anthu odzipereka osonkhanitsa ziwerengero za mpira lomwe linayamba mu 1994, ndi chitsanzo cha webusaiti yosakongola m'maso koma yodziwa mwambo umenewu. M'munsi mwa tsamba lililonse mumapezeka dzina la amene analikonza ndi tsiku limene linasinthidwa komaliza, ndipo masamba ambiri amatchula magwero awo. N'chifukwa chake olemba nkhani za mpira pa Wikipedia amaigwiritsa ntchito kwambiri pa zotsatira za masewero akale, kuphatikizapo a Flames ndi a Chipolopolo. Komabe, popeza tsamba lililonse lili ndi wolemba wakewake, muyenera kuweruza tsamba lomwe mwatsegulalo, osati dzina la bungwe lokha.

Nkhani ya Godfrey Chitalu ikuphunzitsa zambiri pa mfundoyi. Mu December 2012, Lionel Messi atapitirira zigoli 85 zimene Gerd Müller anagoletsa mu 1972, bungwe la mpira la Zambia linanena kuti Chitalu wa Kabwe Warriors anagoletsa zigoli 107 m'chaka chomwecho cha 1972. FIFA inayankha kuti siingathe kutsimikizira nambalayo chifukwa siisunga kaundula wa mipikisano ya m'mayiko. Chimene chinalimbitsa nkhaniyi si kuchuluka kwa masapota amene anaibwereza pa intaneti, koma ntchito ya wofufuza Jerry Muchimba, amene anapita ku nyuzipepa zakale za m'dzikolo n'kundandalika masewero ndi zigoli zake limodzilimodzi. Wolemba wosamala wa Wikipedia amalemba nkhani yotereyi motchula amene akunena nambalayo, umboni umene waperekedwa, ndi zimene FIFA inayankha, ndipo sasandutsa webusaiti ya masapota kukhala woweruza.

Mukapeza mawebusaiti awiri akutsutsana, musathamangire kuwerenga kuti ambiri ali mbali iti. Pa sitima ya Ilala mupeza ena akulemba 1949 ndipo ena 1951, koma onse ali ndi mbali ya choonadi, chifukwa inamangidwa ndi kampani ya Yarrow ku Scotland mu 1949, inabwera m'zidutswazidutswa n'kudzalumikizidwa kuno, ndipo inayamba kunyamula anthu mu 1951. Webusaiti imene ikufotokoza zimenezi yaonetsa kuti mwini wake anawerenga, pomwe imene yangoika chaka chimodzi popanda kunena kuti ndi chaka cha chiyani mwina inangokopera kwa mnzake.

Kukoperana kumeneku ndiko msampha woopsa kuposa yonse, makamaka pamene webusaitiyo inakopera ku Wikipedia komweko. Mu February 2009, Karl-Theodor zu Guttenberg atasankhidwa kukhala nduna ya zachuma ku Germany, munthu wina anawonjezera dzina labodza loti Wilhelm pa mndandanda wautali wa mayina ake pa Wikipedia ya Chijeremani. Nyuzipepa zikuluzikulu, kuphatikizapo Bild ndi Spiegel Online, zinalikopera, ndipo olemba ena atalikayikira n'kulichotsa, linabwezeretsedwa potchula nkhani ya Spiegel ngati umboni. Ngati atolankhani olipidwa anagwa m'mbuna yotereyi, munthu wogwira ntchito yekha usiku pa kompyuta yake angagweremo mosavuta. Kuti mudziteteze, chitani izi: koperani chiganizo chimodzi cha pa webusaitiyo, muchifufuze mu Google mutachiika pakati pa zizindikiro zogwira mawu, ndipo muone kumene chikupezekanso. Ngati chikufanana ndi cha pa Wikipedia, tsegulani mbiri ya nkhaniyo kuti mudziwe tsiku limene chiganizocho chinalowa, kenako pitani ku Wayback Machine ya Internet Archive, imene imasunga makope akale a mawebusaiti, mukaone tsiku limene tsamba la webusaitiyo linajambulidwa koyamba lili ndi mawu amenewo. Ngati Wikipedia ndiyo inayamba, webusaitiyo si mboni koma galasi loonetsa nkhope yanu yomwe. Ntchitoyi imadya nthawi, koma kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo masiku ano ikufunika koposa chifukwa pabwera mawebusaiti olembedwa ndi mapulogalamu a kompyuta, omwe ali ndi ziganizo zosalala koma opanda munthu kumbuyo kwake.

Zizindikiro zina zofunika kuziona mwachangu

Fufuzani dzina la webusaitiyo mu Google Books ndi Google Scholar kuti muone ngati olemba mabuku, asayansi kapena nyuzipepa zodalirika amaitchula ngati gwero la mfundo zawo popanda kuikayikira. Kutchulidwa kotereku ndi umboni wamphamvu wa mbiri yabwino, ndipo n'kosiyana ndi kungoikidwa pa mndandanda wa malinki osangalatsa. Onaninso ngati webusaitiyo imavomereza zolakwa zake poyera n'kuzikonza. Kenako dzifunseni ngati mwini wake ali ndi chimene akugulitsa: wogulitsa nsomba amapindula akanena kuti mtundu wina ndi wosowa, wogulitsa masitampu amapindula akakweza kufunika kwa sitampu ya Nyasaland imene ali nayo, ndipo sapota wa timu sangakhale mboni yopanda mbali pa mkangano wa chigoli chimene chinakanidwa. Zithunzi zokongola, dzina lomveka ngati la bungwe lalikulu, kapena adiresi yothera ndi .org siziyenera kukukopani, popeza zonsezi munthu aliyense angathe kuzigula.

Mukamaliza kuweruza

Kawirikawiri mupeza kuti webusaitiyo si yoti n'kuitaya komanso si yoti n'kuiika ngati umboni, ndipo ntchito yake yabwino ndi kukulozerani njira. Ngati ikunena kuti mfundo inachokera m'nyuzipepa ya Malawi News ya chaka chakuti kapena m'magazini ya Society of Malawi Journal, yomwe inayamba mu 1948 ikutchedwa Nyasaland Journal, pitani mukapeze cholembedwa chenichenicho, muchiwerenge ndi maso anu, ndipo mutchule chimenecho. Nyumba yosungira zolemba zakale ya boma ku Zomba ndi laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House mu Blantyre ndi malo amene zambiri zoterezi zimapezeka. Amene ali kutali angagwiritse ntchito The Wikipedia Library, imene imatsegula kwaulere nkhokwe za magazini monga JSTOR kwa wolemba amene akaunti yake yatha miyezi 6, wasinthapo nkhani ka 500, wasinthapo ka 10 m'mwezi wapitawo ndipo sanatsekeredwe. Ngati simunathe kuona cholembedwa choyambiriracho, musanamizire kuti munachiona. Lembani kuti mawuwo ndi a buku lakuti monga momwe agwidwira pa webusaiti yakuti, kuti wowerenga adziwe njira imene mfundoyo yadutsa. Ndipo ngati webusaitiyo yaika masamba ojambulidwa a buku popanda chilolezo cha mwini wake, tchulani bukulo koma musaike linki yopita kumeneko.

Pamene mwaona kuti webusaiti ya katswiri ndi yokwanira pa mfundo yaing'ono yosatsutsidwa, igwiritseni ntchito motchula mwini mawu m'chiganizo momwemo, monga kunena kuti malinga ndi wofufuza wakutiwakuti, sitimayo inasiya kuyenda chaka chakuti. Musamange nkhani yonse pa gwero limodzi lotere. Dziwaninso kuti kupezeka kwa dzina m'ndandanda wa webusaiti ya ziwerengero sikusonyeza kuti munthuyo akuyenera kukhala ndi nkhani yakeyake. Mu 2022 olemba a Wikipedia ya Chingerezi anagwirizana kuti nkhani ya wamasewero aliyense iyenera kukhala ndi gwero limodzi kapena kuposerapo lomufotokoza mwakuya, ndipo mzere umodzi wa m'tebulo sukwanira. Webusaiti ina imene yalephera kukhala umboni ingathe kuikidwa m'munsi mwa nkhani pa gawo la malinki akunja ngati ili yothandiza owerenga, monga momwe zimachitikira ndi IMDb pa nkhani za mafilimu.

Pali chinthu chimodzi chimene chimandipweteka mtima pa malamulo onsewa, ndipo sindichibisa. Mbiri yathu yambiri ili m'kamwa mwa agogo, mwa osewera akale ndi mwa asodzi, ndipo nthawi zina munthu yekhayo amene anaisonkhanitsa ndi sapota wodzipereka amene analibe wofalitsa womulandira. Kukana webusaiti yake kumaoneka ngati kukana mbiri yathu yomwe. Komabe ndikuona kuti kumasula lamulo kungatipweteke ife kuposa ena, chifukwa nkhani za kwathu zili ndi oziyang'anira ochepa, ndipo bodza likalowamo limatha kukhala zaka popanda wolichotsa. Chothandiza n'kulimbikitsa wofufuza wotereyu kuti atumize ntchito yake ku magazini ya mbiri, ku nyuzipepa kapena kwa wofalitsa mabuku, kuti ikaunikidwa n'kusindikizidwa tidzathe kuitchula popanda wotitsutsa.

Mukakayikirabe, musasenze nokha. Yambani mwaona mndandanda wa magwero okambidwa kawirikawiri, umene mungaupeze polemba WP:RSP m'bokosi lofufuzira la Wikipedia ya Chingerezi, ndipo ngati webusaiti yanu mulibe, fufuzani m'zokambirana zakale za Reliable Sources Noticeboard, tsamba limene olemba amafunsirapo za kudalirika kwa magwero, musanafunse. Pofunsa, perekani zinthu zitatu zimene akumeneko amafuna: linki ya tsamba lenilenilo, dzina la nkhani imene mukulemba, ndi chiganizo chimene mukufuna kuchitsimikizira. Onjezerani zimene mwapeza zokhudza wolemba ndi anthu amene anamutchulapo, ndipo ngati webusaitiyo ndi yanu kapena ya mnzanu, nenani zimenezo poyamba.

Ikavomerezedwa, isungeni tsiku lomwelo. Mawebusaiti a munthu mmodzi amafa mwini wake akadwala, akatopa kapena akalephera kulipira, ndipo pamene Yahoo inatseka GeoCities mu October 2009, masamba ambirimbiri a okonda zinthu zosiyanasiyana anazimiririka pa nthawi imodzi. Pitani ku Wayback Machine, ikani adiresi ya tsambalo pa gawo la Save Page Now, ndipo polemba umboni wanu muikemo dzina la wolemba, mutu wa tsamba, tsiku limene linasinthidwa komaliza, tsiku limene inu munaliwerenga, ndi linki ya kope losungidwalo pambali pa linki yoyamba.